Kudya Mwanzeru pa Nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano

Masiku a Khirisimasi akayandikira, m'makomo ambiri a ku Matawale, mumzinda wa Zomba, mumatuluka fungo la mpunga ndi nkhuku yokazinga. Pamsika ziwaya za tchipisi ndi kanyenya sizizima moto, ndipo alendo amalandiridwa ndi zakumwa zozizira. Chisangalalo chotere nchabwino, koma chili ndi msampha wake. Anthu ambiri amaloŵa m'chaka chatsopano atawonjezera thupi osadziŵa.

Kuwonjezerako sikukhala kwakukulu. M'chaka cha 2000 akatswiri a ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 195, ndipo anapeza kuti panyengo ya zikondwerero munthu amawonjezera kulemera kosakwana theka la kilogalamu. Chodetsa nkhaŵa nchakuti kulemerako sikunachoke m'miyezi yotsatira. Pang'onopang'ono ndi mtolo: theka la kilogalamu chaka ndi chaka limasanduka makilogalamu asanu pakutha pa zaka khumi.

Pamwambo wathu, munthu akauzidwa kuti wanenepa amakondwa, pakuti thupi lalikulu limatengedwa ngati chizindikiro cha ulemu ndi kupeza bwino. Komabe kunenepa kopitirira muyeso kumaitana matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufa ziwalo. Kafukufuku wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016, wochitidwa ndi ofesi ya boma yoona za chiŵerengero, imene likulu lake lili mu Zomba momwemo, anasonyeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopitirira, ndipo vutoli linali lalikulu m'matauni kuposa m'midzi. Kafukufuku wina wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malaŵi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Thupi limasunga monga mafuta mphamvu iliyonse ya chakudya imene silinagwiritse ntchito. Galamu imodzi ya mafuta imapereka mphamvu yoposa kaŵiri ya galamu imodzi ya ufa kapena shuga. Nchifukwa chake mbatata yokazinga imanenepetsa msanga kusiyana ndi yophika, ngakhale mbatatayo ndi imodzimodzi. Zakumwa nazo zimanyenga, popeza sizikhutitsa. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chotsekemera limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8, pamene bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masupuni 12 patsiku. Moŵa ulinso ndi mphamvu yambiri, ndipo umachititsa munthu kuiŵala muyeso pakudya.

Tsono munthu wofuna kusangalala popanda kudzipweteka angachite chiyani? Choyamba, asasale chakudya cham'maŵa poyembekezera phwando, chifukwa wanjala sadziŵa polekezera. Chachiŵiri, theka la mbale yake likhale ndiwo zamasamba. Nyengo ya mvula ndi yamwayi pankhaniyi, pakuti nkhwani, bonongwe, chisoso ndi bowa zimapezeka mosavuta, mango ali paliponse, ndiponso pamsika wa Zomba pamafika zipatso zochokera kuphiri. Chachitatu, asankhe chokhutitsa chimodzi, kaya mpunga, nsima kapena tchipisi, osati zonse pamodzi. Nkhuku yootcha kapena yophika ndi matemba a ku Chilwa nzabwino kuposa nyama yonona yokazinga. Ludzu aliphe ndi madzi, ndipo thobwa asalichulutsire shuga.

Kukana chakudya cha eni nyumba nkovuta, koma mlendo angathe kulaŵa pang'ono, kuyamika, ndi kunena mwaulemu kuti wakhuta. Eni nyumba nawonso asakakamize mlendo kuwonjezera, makamaka wodwala shuga.

Thupi lifunanso kuyenda. WHO imalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pamlungu za ntchito yotulutsa thukuta pang'ono. Kuyenda pansi kuchokera ku Matawale kupita m'tauni m'malo mokwera kabaza, kupalira chimanga, kapena kukwera phiri la Zomba ndi ana, zonsezi zimakwaniritsa muyesowu.

Muyeso wapafupi ndi chingwe. Chiuno cha munthu wamkulu, poyesa pamchombo, chisapose theka la msinkhu wake. Amene chiuno chake chapitirira pamenepo achita bwino kupita ku chipatala cha Matawale kapena ku chipatala chachikulu cha Zomba kukayezetsa magazi ndi shuga, popeza matendaŵa amayamba mwakachetechete. Ndipo pokumbukira kuti Disembala ndi Januwale ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, chakudya chimene chikanalemetsa thupi la munthu mmodzi chingathe kukhala mgonero wa banja loyandikana nalo.