Galimoto Ikapendekera: Kuzindikira ndi Kuwongola Chasisi Chopotoka

M'midzi yambiri ya ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi m'chigawo cha Tete ku Mozambique, galimoto ya pikapu ndiyo imagwira ntchito ya ngolo, basi ndi ambulansi. Imatuta chimanga ndi fodya, imanyamula anthu a matola, ndipo usiku imathamangira kuchipatala ndi mayi woyembekezera. Koma woima m'mbali mwa msewu wa M1 nthawi yokolola sachedwa kuona kuti ambiri mwa magalimotowa amayenda chopendekera, ena chammbali ngati nkhanu. Eni ake amati ndi ukalamba chabe. Amakaniko odziwa ntchito amakana: kupendekera ndi chizindikiro cha matenda, ndipo nthawi zina nthendayo imakhala m'msana weniweni wa galimoto, womwe ndi chasisi.

Nkhaniyi ikukhudza miyoyo ya anthu. Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la chaka cha 2023 linasonyeza kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chimataya miyoyo yambiri. Galimoto yopendekera siigawa kulemera mofanana pamatayala ake anayi. Tayala lina limatha msanga, mabuleki akagwidwa galimoto imakokera mbali imodzi, ndipo pakona ikadzaza katundu sichedwa kugubuduzika.

Msana wa galimoto

Mapikapu odziwika m'chigawo chino, monga Toyota Hilux, yomwe inayamba kupangidwa mu 1968, ndi Isuzu KB, yomwe kuyambira 2018 imatchedwa D-Max ku South Africa, amamangidwa pachasisi chooneka ngati makwerero. Pali zitsulo ziwiri zikuluzikulu zochokera kutsogolo kufika kumbuyo, zolumikizidwa ndi zitsulo zina zopingasa. Injini, masipuling'i, kanyumba ka dalaivala ndi bodi yonyamulira katundu, zonse zimakhala pamakwerero amenewa.

Ambiri mwa magalimoto a mtunduwu anapangidwa kuti azisenza katundu wolemera pafupifupi tani imodzi, kuwerengera pamodzi ndi anthu okwera. Awa ndi matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Pamene mwini galimoto akweza matumba 30, naonjezerapo anthu pamwamba, ndiye kuti wapyola muyezo ndi kuposa theka. Galimoto yotere ikagwera m'dzenje ndi tayala limodzi, kapena ikawoloka ngalande chopingasa, chitsulo cha mbali imodzi chimakwera pamene chinzake chikutsika. Chasisi chinapangidwa kuti chizipindika pang'ono n'kubwerera, koma malire akapyola sichibwereranso. Kukoka galimoto yotitimira m'matope pomanga chingwe pangodya imodzi kumachitanso chimodzimodzi. Kulinso dzimbiri, makamaka pamagalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Britain, komwe amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu.

Kuyambira pa zotchipa

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Makaniko wabwino sathamangira kunena kuti chasisi chapotoka, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono. Choyamba amatsitsa katundu yense, kuimika galimoto pasimenti yosalala, ndi kuonetsetsa kuti matayala onse ndi a saizi imodzi komanso ali ndi mpweya wofanana. Kenaka amayeza ndi tepi kuchokera pakati pa gudumu kufika pamlomo wa bodi, kumanja ndi kumanzere. Kusiyana kochepa sikudetsa nkhawa, popeza thanki ya mafuta imakhala mbali imodzi. Koma ngati kupendekerako kukuoneka ndi maso munthu ataima patali, pali chofunika kufufuza.

Chachiwiri ndi masipuling'i a kumbuyo, omwe ndi zitsulo zosanjikizana. Chimodzi chikathyoka, kapena onse akafooka n'kuwongoka, mbali imeneyo imatsika. Bawuti ya pakati pa masipuling'i ikaduka, ekiselo imasuntha ndipo galimoto imayamba kuyenda chammbali. Masipuling'i amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa latsopano silingafanane ndi lakale. Pamapikapu ena akale, kutsogolo kumakhala ndodo yachitsulo yogwira ntchito ya sipuling'i, yomwe ili ndi bawuti yokwezera kapena kutsitsira galimoto. Ambiri amataya ndalama pogula mashoko atsopano, osadziwa kuti ntchito ya mashoko wamba ndi kuchepetsa kudumphadumpha, osati kusenza galimoto. Chachitatu ndi malaba amene amakhala pakati pa bodi ndi chasisi. Akaphwanyika, bodi imapendekera pamene chasisi chili bwinobwino.

Chingwe, choko ndi paipi yamadzi

Zonsezi zikapezeka kuti zilibe vuto, kapena zikakonzedwa koma galimoto n'kukhalabe yopendekera, maso amatembenukira kuchasisi. Chizindikiro choyamba chimaoneka munthu akaima kumbuyo: mlomo wa bodi sulingana ndi zenera la kumbuyo la kanyumba ka dalaivala. Penanso penti imakhala itasweka kapena chitsulo chitachita makwinya pafupi ndi pamene masipuling'i amamangidwa.

Kuyeza kwenikweni sikulira makina odula. Makaniko amaika chasisi pazochirikiza zinayi zotalika mofanana, pamalo ofanana kumanja ndi kumanzere. Ngati ngodya imodzi yakana kukhudza chochirikiza chake, ngati mpando wogwedera, ndiye kuti chapotoka. Paipi yoonekera mkati yokhala ndi madzi, imene amisiri omanga nyumba amagwiritsa ntchito, imathandiza kutsimikiza ngati malo oyezerawo ndi osalaladi.

Kenaka amalendewetsa chingwe chomangirira kachitsulo kosongoka kuchokera pamabowo ofanana a zitsulo ziwiri zija, n'kulemba timadontho ndi choko pansi. Akachotsa galimoto, amayeza mopingasa: kuchokera kutsogolo kumanja kufika kumbuyo kumanzere, ndiponso kuchokera kutsogolo kumanzere kufika kumbuyo kumanja. Mizere iwiriyi iyenera kufanana, kusiyana kwake kusapitirire mamilimita owerengeka. Ikasiyana kwambiri, ndiye kuti chitsulo chimodzi chinakankhidwira kumbuyo kapena chasisi chinakhotera kumbali. Miyeso yonse iwiri ndi yofunika, chifukwa kupotoka kumaoneka pamsinkhu pamene kukhota kumaoneka pamizere yopingasa.

Kuwongola popanda kuwononga

Njira yoyenera ndi kuwongola chitsulo chili chozizira. Bodi imachotsedwa, ngodya zimene zakwera zimamangidwa pansi ndi matcheni olimba, ndipo zimene zatsika zimakankhidwa ndi jeke wamphamvu. Ntchitoyi imachitika pang'onopang'ono: kukankha, kumasula, kuyeza, kenaka kukankhanso. Popeza chitsulo chimabwerera pang'ono chikamasulidwa, mmisiri amapitiriza pang'ono muyezo wofunikawo. Palibe woyenera kuima pafupi ndi tcheni chokokedwa, chifukwa chikaduka chimatha kupha munthu.

Cholakwika chofala m'magalaja ena ndi kuwotcha chasisi ndi moto wa gasi mpaka kufiira kuti chifewe. Galimoto imaoneka yowongoka tsiku limenelo, koma chitsulo cholimba cha mapikapu a masiku ano chikapsa chimataya mphamvu, ndipo chimadzathyokera pomwepo katundu ali pamwamba. Pamene pali mng'alu, mmisiri amaboola kabowo kumapeto kwake kuti usapitirire, amawotcherera, n'kuphatikapo chitsulo china chosongoka mbali zonse ziwiri kuti kulemera kusaunjikane pamalo amodzi. Asanayambe kuwotcherera amachotsa batire ndi thanki ya mafuta. Pomaliza, matayala amayezedwa pamakina kuti ayang'ane njira imodzi.

Chasisi china sichikonzeka. Ngati dzimbiri lachidya moti nyundo ikuboola, kapena chapindika mpaka kuchita khwinya lakuya, chofunika ndi kusintha chonse. Popeza nambala ya chasisi ndiyo imalembedwa m'kaundula wa boma, kusinthako kuyenera kudzera ku nthambi yoona za pamsewu, monga Directorate of Road Traffic and Safety Services ku Malawi kapena RTSA ku Zambia, zomwenso zimapereka chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda.

Phunziro kwa magulu a alimi ndi zipatala

Kwa kopaletivi ya alimi kapena chipatala cha kumudzi chokhala ndi galimoto imodzi yokha, masabata awiri kugalaja ndi mbewu zosafika kumsika ndi odwala osafika kuchipatala chachikulu. Kupewa n'kotchipa: kuwerenga matumba asanakwezedwe, kuika katundu wolemera pakati ndi kutsogolo kwa bodi, kutsuka matope pansi pa galimoto mvula ikatha, ndi kulemba miyeso ya msinkhu m'buku la galimoto kawiri pachaka. Ofuna kugula pikapu yakale apite ndi tepi ndi makaniko wawo. Safunsa anadya phula, ndipo penti yatsopano yabisa zitsulo zambiri zopotoka.