Fupa la Msana Likathyoka

Gwirani kumbuyo kwa khosi lanu. Tsitsani dzanja pang'onopang'ono mpaka m'chiuno. Mukumva timfundo? Amenewo ndi mafupa a msana. Msana si fupa limodzi ayi. Ndi mafupa 33 osanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 m'chiuno. Otsalawo ali m'munsi, ndipo ambiri ndi omatana.

Pakati pa mafupawa pali mphako. M'mphakomo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Mtsemphawu ndiwo umalamula manja ndi miyendo. Ukaphwanyika, miyendo imafa, ndipo munthu amalephera kusunga mkodzo ndi chimbudzi.

Fupa la msana likhoza kuthyoka munthu akagwa mu mtengo wa mango, pa denga, pa ngolo, kapena pa ngozi ya galimoto ndi kabaza.

Kodi aliyense amafuna opaleshoni?

Iyayi. Dokotala amayamba wajambula msanawo pa makina. Ngati fupa langosweka pang'ono koma lili pamalo pake, amamuveka wodwala kolala yolimba kapena lamba wogwira msana. Amamupatsanso mankhwala opha ululu. Pakatha miyezi 2 kapena 3, fupa limakhala litagwirana lokha.

Koma ngati mafupa akugwedera, kapena chidutswa chikupanikiza mtsempha uja, pamenepo ndiye pofunika opaleshoni.

Njira za opaleshoni

Yoyamba ndi kumasula mtsempha. Wodwala amamugonetsa ndi mankhwala, sakumva kanthu. Dokotala amachotsa chidutswa cha fupa chimene chikudinikiza mtsempha kuti upeze mpata.

Yachiwiri ndi kumanga ndi zitsulo. Mukudziwa mmene timachitira mtanda wa denga ukathyoka: timaugwiriziza ndi mitengo ina mbali zonse. Dokotala naye amalowetsa timabawuti m'mafupa abwino, pamwamba ndi pansi pa lothyokalo. Kenaka amalumikiza timabawutito ndi tindodo tachitsulo. Chitsulo chake si cha makasu ayi, sichichita dzimbiri m'thupi. Anthu ambiri amakhala nacho moyo wawo wonse.

Yachitatu ndi kumatanitsa mafupa. Dokotala amatenga kafupa pang'ono, kawirikawiri pa fupa la chiuno cha wodwala yemweyo, n'kukaika pamene pathyoka. Pakapita miyezi, mafupawo amamerana n'kukhala fupa limodzi. Njirayi imayendera limodzi ndi ya zitsulo ija.

Yachinayi ndi ya simenti. Musaseke, si simenti yomangira nyumba! Ndi yachipatala. Agogo ena mafupa awo amafewa ndi ukalamba, ndipo fupa limangophwanyika ngati chigumu. Dokotala amabaya singano n'kuthira simentiyo m'fupamo, iyo n'kuuma. Njirayi anaiyamba madokotala a ku France m'chaka cha 1984.

Opaleshoni zotere sachita pa chipatala chaching'ono. Kuno ku Malawi, wodwala amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Chimene opaleshoni singathe

Apa mumvetsetse bwino, anzanga. Opaleshoni imalimbitsa fupa ndi kumasula mtsempha. Koma mtsempha ukaduka, palibe dokotala angausoke kuti ugwirenso ntchito. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ndi yanu, inu amene muli pafupi ngozi ikachitika.

Munthu akagwa n'kumadandaula khosi kapena msana, kapena akuti miyendo yachita dzanzi, musamudzutse. Musamukhazike pansi. Musamubereke, musamukweze pa njinga. Musamuwongole kapena kumusisita. Pezani chitseko kapena thabwa. Itanani anthu 4 kapena 5. Mmodzi agwire mutu kuti usatembenuke. Mutu, msana ndi miyendo zisunthe pamodzi ngati chipika. Mukatero thamangirani naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Akatuluka m'chipatala, mafizo asawaleke. Ngati sangathe kutembenuka yekha, muzimutembenuza maola 2 aliwonse kuti asachite zilonda za pogona. Bala likatupa, likatuluka mafinya, kapena thupi likatentha, bwererani naye msanga kwa dokotala.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'kati mwa mafupa a msana mumadutsa chiyani?
2. Tchulani njira 2 za opaleshoni ya msana.
3. Mnzanu wagwa mu mtengo. Mumunyamula bwanji?