Msilikali akavula yunifolomu, adzadya chiyani?

Abale ndi alongo m'Chisilamu, mabanja ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota tili ndi ana ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ndipo ena adakasungitsako mtendere ku DRC. Akapuma, ena amakhazikika ku Kawale, Biwi kapena Area 23. Ndalama zopumira zikatha, ntchito yopezeka msanga ndi yaulonda, poti mabwana amafunsa satifiketi, osati mendulo.

Njira yopewera zimenezi ndi maphunziro akutali. LUANAR ndi Mzuzu University zili ndi ndondomeko ya ODeL: munthu amawerenga ali kwawo, kutumiza ntchito pa intaneti, n'kukaonana ndi aphunzitsi pa nthawi zoikika. Digiri imafuna MSCE ya makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi; amene sadakwanitse ayambe walembanso. Asanalipire, afufuze ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, kuopa kutaya ndalama pa pepala lopanda ntchito.

Nthawi yoyamba ndi ino, malipiro akubwerabe. Makolofe tichepetseko zopempha, kuti fizi ndi bandulo zizipezeka. Kufunafuna maphunziro ndi ibada, ndipo kumatsegula khomo la riziki la halali. Allah awafewetsere ana athu.