Mabuku a m'Thumba a ku Chigwa cha Shire

Munthu akatsika mapiri kuchokera ku Blantyre, nadutsa pa Thabwa ndi kuoloka Shire pa Chikwawa, amaloŵa m'chigwa chotentha momwe pepala silikhalitsa. Chakummwera kwake kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh, kumene David Livingstone adafika mu 1859 naona njovu pafupifupi 800. Njovuzo zidatha kalekale. Kudatsala mvuu, ng'ona, mbalame za m'madzi ndi asodzi opalasa mabwato pakati pa mabango ndi namasupuni. Mu 2017 damboli, lomwe kukula kwake kumaposa mahekitala 60,000, lidalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, kotero kuti mbalame ndi nsomba za kumeneko zili nawo ozilankhulira. Koma m'midzi ndi m'timatauni tozungulira damboli mudazimiriranso chinthu china chimene sichidalembedwe m'kaundula aliyense. Chinthucho ndi timabuku ta nthano za achifwamba, za apolisi ndi za chikondi, tokwana m'thumba la kabudula, timene anthu ankapatsirana m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980.

Amene ankaŵerenga mabukuŵa lero ndi agogo a imvi. Pa nthaŵiyo adali anyamata ndi atsikana ongotsiriza kumene JCE kapena MSCE, akalaliki a ku fakitale ya shuga ya SUCOMA ku Nchalo imene idayamba kugaya nzimbe mu 1966, oyeza thonje pa sikelo m'misika ya ADMARC, aphunzitsi a m'sukulu za pulaimale ndiponso antchito a njanji ku Makhanga, ku Chiromo ndi ku Bangula. Onseŵa adaphunzira Chingerezi chokwanira kuŵerengera, koma akaŵeruka adalibe pochigwiritsira ntchito. Wailesi ya kanema kudalibe m'dziko muno kufikira 1999, ndipo nyumba youlutsa mau idali ya MBC yokha. M'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kwa ku chigwa kumapyola madigiri 40 masana ndipo nyumba ya malata imakhala ngati ng'anjo mpaka pakati pa usiku, tulo sitibwera msanga. Mnyamata ankayala mphasa pakhonde nayatsa koloboyi, dzanja lina ku buku, lina kuingitsa udzudzu, ndipo ankagona mafuta akatha.

Mabuku ambiri ankatsika ndi sitima ya pamtunda yochokera ku Limbe, yodzera ku Luchenza ndi ku Sandama. Ena ankabwera m'zikwama za okwera basi za UTM. Ogula buku latsopano m'sitolo adali oŵerengeka. Ambiri ankasankha akale kwa ogulitsa m'makonde a m'tauni, kapena kulandira osiyidwa ndi azungu a ku esiteti pobwerera kwawo. Buku likafika pa Bangula linkazungulira nyumba ndi nyumba mpaka masamba ake kuda ndi thukuta la zala, ndipo padali malamulo osalembedwa amene aliyense ankawadziŵa. Wobwereka ankapatsidwa masiku aŵiri kapena atatu. Wopanda lake losinthanitsa ankadikira onse athe. Wopatsira munthu wina mwini wake osadziŵa ankamanidwa ulendo wotsatira, chifukwa chake eni ake ankalemba maina awo pa tsamba loyamba, pakati ndiponso m'mphepete mwa masamba. Tsoka lalikulu lidali kupeza kuti masamba otsiriza adathothoka. Munthu wayenda ndi chigaŵenga usiku wonse, apolisi aizinga nyumba, mfuti zatuluka, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Woteroyo m'maŵa mwake ankapalasa njinga kukafunsa mnzake amene adaliŵerenga lisanaduke mchira.

Mfumu ya mabuku onseŵa idali James Hadley Chase. Aŵerengi ambiri ankamuyesa mbadwa ya ku America yodziŵa kanjira kalikonse ka m'mizinda ya kumeneko. Zoona zake n'zakuti adali Mngerezi wobadwira ku London mu 1906, dzina lake lenileni René Raymond, ndipo asanayambe kulemba adali wogulitsa mabuku. Buku lake loyamba, No Orchids for Miss Blandish, lidatuluka mu 1939 iye asanapondeko ku America. Misewu adaitenga pa mapu, ndipo kayankhulidwe ka zigaŵenga adakatapa m'dikishonale. Pomwalira ku Switzerland mu 1985 n'kuti atalemba mabuku pafupifupi 90. Choseketsa n'chakuti mnyamata wa ku Muona, amene ngakhale ku Lilongwe sadafikeko, ankaphunzira za America kwa mzungu amene nayenso Americayo adamdziŵira pa pepala.

Chimene chidakoka anthu sichovuta kuchiona. Ziganizo zake zidali zifupizifupi, mau ake osatumiza munthu ku dikishonale pa mzere uliwonse, ndipo mutu uliwonse unkathera pamene mtima uli m'mwamba. Nthano zake zambiri zinkayenda njira imodzi. Munthu wamba wosoŵa, kaya kalaliki wa ku banki kaya wogulitsa inshulansi, waona mpata wa ndalama zankhaninkhani. Mkazi wokongola wamnong'oneza. Iye wakonza chiwembu chooneka chopanda banga. Kenaka kanthu kakang'ono kamene adakanyozera ndiko kamuulula. Kalaliki wa ku Nchalo, amene ankaŵerengera anthu ena malipiro pomwe ake sankafika pakati pa mwezi, ankamumva munthu woteroyo popanda womasulira. Ankadziŵanso kuti pamapeto pake munthuyo agwidwa, komabe ankamfunira mwayi mpaka tsamba lomaliza.

Vuto lidali pa zikuto. Makampani osindikiza monga Corgi ndi Panther ankaikapo chithunzi cha mkazi wovala mosadzilemekeza, kaŵirikaŵiri atagwira mfuti, ngakhale nkhani ya m'katimo isakumfuna. M'dziko momwe lamulo la 1973 lidaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi oonetsa maondo, chikuto chotere chidali mlandu pachokha. Bungwe la Censorship Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, lidaletsa mabuku oposa 800 lisanathe zaka 8 likugwira ntchito, ena kaamba ka ndale, ena kaamba ka zolaula. Motero buku lisanayambe ulendo wake linkavekedwa pepala la khaki kapena la thumba la simenti, ndipo mwana wa sukulu wochenjera ankalemba pamwamba pake dzina la phunziro lolemekezeka. Mphunzitsi wamkulu akaligwira linkakaloŵa m'kabati ya mu ofesi. Si chinsinsi, komabe, kuti mabuku ena olandidwa masana ankaŵerengedwa usiku ku nyumba za aphunzitsi.

Kukumbuka zakale kusachititse munthu kuwayeretsa mabukuŵa. Adali ndi zonyansa zake. Mkazi m'nthano zambiri adali nyambo kapena katundu wolimbirana, ndipo kupha munthu kunkafotokozedwa ngati kuthyola chimanga m'dimba. George Orwell, m'nkhani imene adalemba mu 1944, adadzudzula buku loyamba la Chase kuti linkakometsa nkhanza ndi kulambira mphamvu, ngakhale adavomera kuti lidalembedwa mwaluso. Abusa ndi makolo amene ankawang'amba sadali opanda mfundo. Komatu aphunzitsi a Chingerezi a masiku amenewo ankadziŵa chinthu chimene sakadachinena pamaso pa mphunzitsi wamkulu: mwana amene adameza mabuku a Chase ankalemba chimangirizo chomveka kuposa mnzake woloŵeza notsi. Buku la pa silabasi munthu ankaliŵerenga poopa mayeso, pomwe ili ankaliŵerenga pofuna kumva chotsatira, ndipo liŵiro la kuŵerenga limabadwira m'njala imeneyo. Ambiri amene pambuyo pake adadzakonda Chinua Achebe kapena Ngugi wa Thiong'o adaloŵera khomo la kuseriri.

Olemba ndi osindikiza a mu Africa muno adauona msikawo. Pakati pa 1968 ndi 1972 a Drum ankatulutsa African Film, magazini ya zithunzi yosimba za Lance Spearman, wofufuza milandu wachikuda wa suti ndi chipeŵa. Mu 1977 kampani ya Macmillan idayambitsa mabuku a Pacesetters, olembedwa ndi anthu a mu Africa, amene adafika pafupifupi 130; mbava za m'menemo zinkathamangitsidwa m'miseu ya ku Lagos ndi ku Nairobi. Mmalaŵi Dede Kamkondo adaloŵa m'gululi ndi buku lake Truth Will Out mu 1986. Aubrey Kalitera, amene buku lake A Taste of Business lidasindikizidwa ku Nairobi mu 1976, pambuyo pake adayamba kudzisindikizira yekha mabuku ku Blantyre m'dzina la Power Pen Books. M'Chicheŵa namo a Popular Publications ku Limbe adatulutsa nthano za Willie Zingani monga Njala Bwana ndi Madzi Akatayika. Aŵa sankafuna khaki wowabisa, ndipo atsikana amene kale ankadalira Mills & Boon adapezamo anthu a khungu ndi mavuto ngati awo.

Nanga mabuku onseŵa adapita kuti? Choyamba, sadapangidwe kuti akhalitse. Chiyambire 1935, pamene Allen Lane adayamba kugulitsa mabuku a Penguin pa mtengo wa makobiri 6, kutsika mtengo kwa buku la chikuto chofeŵa kudadalira pepala wamba. Pepala lopangidwa ndi mitengo yogaya limakhala ndi asidi amene amalifiiritsa ndi kulifoola pang'onopang'ono, ndipo kutentha ndi chinyontho zimafulumizitsa ntchitoyo. Masamba ake sankasokedwa ndi ulusi koma kumatidwa ndi guluu, amene ku chigwa ankauma ndi kusweka. Chimene dzuŵa lidasiya, chiswe ndi mphemvu zidatsiriza. Masamba othothoka nawo sankatayidwa: ena adapichira chingambwe, ena adakulungira mchere, mandasi ndi nsomba zouma pa msika. Otsala m'masutikesi a kunsi kwa bedi adakumana ndi madzi. Mu 1997 madzi osefukira adagumula njanji pafupi ndi Chiromo, ndipo sitima yochokera ku Limbe sidafikenso ku Bangula. Chigumula cha mu Januwale 2015 ndi cha mu Malichi 2019, kenaka anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, zidamiza midzi ya ku Makhanga ndi madera ena a m'mbali mwa Shire ndi Ruo. Wothaŵa madzi usiku amanyamula mwana, mbuzi ndi thumba la mapira, ndipo palibe angamdzudzule posiya buku.

Ku maiko a azungu kuli anthu amene amasonkhanitsa mabuku a mtundu umenewu ngati chuma. Amawasunga m'timatumba ta pulasitiki nagulitsana pa intaneti, ndipo mtengo umakwera ngati msana wa bukulo sudapindike, ndiye kuti ngati silidaŵerengedwe n'komwe. Chimene amasirira kwenikweni ndi chikuto, kotero kuti ojambula monga Robert McGinnis, amene adajambula zikuto zoposa 1,200, ali ndi owatama awoawo. Kulakalaka kwa ku chigwa n'kwa mtundu wina, popeza kuno zikuto zidabisidwa m'khaki kuyambira tsiku loyamba. Mkulu wa ku Nchalo akamakumbuka amatchula mnzake amene adambwereka buku, mtunda umene adapalasa pokalitenga, ndi mkangano wa patsinde pa mgwalangwa wosagwirizana za amene adapha munthu m'nthanomo. Kwa iye buku losapindika msana ndi umboni wakuti mwini wake adali womana.

Wotsiriza Fomu 4 wa masiku ano ali nazo zambiri zimene agogo ake adalibe. Sukulu zachuluka chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, foni ya m'manja yafika ngakhale ku madoko a asodzi, ndipo mafilimu omasuliridwa m'Chicheŵa amaonetsedwa m'zisakasa za pa misika. Nkhani za achifwamba sizikusoŵa ayi. Chimene chasoŵa ndi mpata woti mnyamata kapena mtsikana akhale yekha ndi buku lathunthu la chiyankhulo chimene akuphunzira, popanda mayeso omudikira. Kwa ambiri buku lomaliza kuligwira ndi lomwe adalembera mayeso, nalonso lidali la sukulu, logaŵana ndi anzawo. Zikapita zaka ziŵiri zitatu munthu akudikira ntchito, Chingerezi chimene makolo adachilipirira ndi thonje chimayamba kuchita dzimbiri, ndipo dzimbirilo limaonekera pa kalata yofunsira ntchito.

Aphunzitsi ena amati mabuku adakwera mtengo, ndipo sakunama. Komabe mbadwo wa Hadley Chase nawo sudali wolemera, ndipo sudadikire laibulale ya njerwa. Udali ndi mabuku ochepa, akale, ena opanda mathero, ndi lamulo lakuti wotsiriza apatsire mnzake. M'makonde a ku Limbe ndi ku Blantyre mabuku akale akuyalidwabe pansi, ndipo pakati pa Mabaibulo ndi mabuku a masamu mwa apo ndi apo pamapezeka la Chase kapena la Pacesetters lofiira masamba. Oŵerama kulitola kaŵirikaŵiri amakhala a imvi, ndipo asanafunse mtengo amayamba atsegula kumapeto kuti aone ngati tsamba lotsiriza lilipo.