Zimene Tinaona M'kati mwa Duwa la Dzungu

Mayi wina wa m'gulu lathu anadandaula kuti maungu ake a kudimba akuchita maluwa ambiri koma osabala. Timaungu timangotuluka, kenaka nkufota, nkugwa. Ena anati nthaka yatopa, ena anati alipo amene waponda m'dimbamo. Ine ndinalibe yankho. Tsono ndinapempha mnzathu wa kuchipatala kuti tsiku lina atiwonetse makina aja oyezera malungo m'magazi, otchedwa maikulosikopu. Makinawa amakulitsa kanthu kakang'ono kuti kaoneke kakakulu.

Tinathyola maluwa m'mamawa. Tisanafike ndi pamakina pomwe, tinaona kuti dzungu limodzi lili ndi maluwa amitundu iwiri. Duwa lachimuna lili ndi phesi lalitali, lowonda, ndipo m'kati muli kamtengo kamodzi kodzaza ufa wachikasu. Duwa lachikazi lili ndi kadzungu kunsi kwake. Aachimuna ndiwo amayamba kutuluka, ndiye chifukwa chake masiku oyamba pamaoneka maluwa okhaokha.

Ufa wachikasuwo ndi mungu. Ndi maso ndi fumbi chabe. Koma pagalasi, abale, tinadabwa! Kambewu kalikonse nkozungulira, kaminga thupi lonse ngati chisoni. Agogo ena anayang'ana kawiri, osakhulupirira. Mungu umenewu ndi wolemera ndi womata, mphepo siingaunyamule. Umamatirira pa ubweya wa njuchi ikalowa kudzamwa timadzi totsekemera, ndipo njuchiyo imakausiya pamutu wonyowa wa duwa lachikazi. Kambewu kamodzi kamapanga nthanga imodzi. Mungu ukachepa, nthanga zimachepa, kadzungu kamapindika kapena kugwa kumene.

Tinayang'ananso mungu wa ku ngayaye za chimanga. Uwu ndi wosalala, wopanda minga, uli ndi kabowo kamodzi. Umauluka ndi mphepo. Ndevu ya chimanga ili ndi tiubweya togwira munguwo. Ukagwerapo umamera kamchira kamene kamatsika m'kati mwa ndevu mpaka pa chitsononkho, ndipo ulendowu umatenga pafupifupi tsiku limodzi. Ndevu imodzi, njere imodzi. Chimanga cha magweru chija, ndevu zina sizinalandire mungu. Kale mu 1694, Camerarius wa ku Germany analemba kuti atachotsa ziwalo zonyamula mungu, mbewu sizinabale bwino.

Nanga mayi uja? Titamufunsitsa zinadziwika. Ankathyola chiluwe cha ndiwo m'bandakucha tsiku ndi tsiku, osasiyako. Ankasamala ndithu osakhudza maluwa a kadzungu, koma njuchi zikafika zinkapeza mungu wapita kale mumphika.

Duwa la dzungu limatseguka m'mawa umodzi wokha, dzuwa likakwera lafota. Choncho, alimi anzanga, chiluwe thyolani chakumasana, njuchi zitatha ntchito. Mankhwala a tizilombo musapopere m'mawa maluwa ali otseguka. Ngati njuchi zikusowa, gwirani ntchitoyo nokha: thyolani duwa lachimuna lotseguka tsiku lomwelo, chotsani masamba ake achikasu, ndipo kamtengo ka ufa kaja mukakhudzitse pang'onopang'ono pamutu wa duwa lachikazi. Ngayaye nazonso musadulire mbuzi ndevu zisanaume.

Mayi uja anayesa pa mapando asanu. Sabata itatha anabwera kudzatiitana kuti tikaone timaungu tatuta.