Dambo Likasanduka Malo Omangapo Nyumba

Munthu akagula puloti m'mwezi wa Okutobala, nthaka imaoneka youma paliponse. Wogulitsa amaloza chigwa cha udzu chopanda miyala kapena zitsa, nanena kuti malo otere savuta kulambula. Wogula uja amaitanitsa njerwa ndi mchenga, koma pofika Febuluwale amapeza madzi akutumphuka pansi pa simenti ya m'chipinda chogona. Malo adagulawo ndi dambo, ndipo dambo silileka ntchito yake chifukwa chakuti pamwamba pake pamangidwa nyumba.

Nkhani yotere njodziŵika bwino mu mzinda wa Lilongwe. Pa kalembera wa 1966 m'tauniyi munali anthu osakwana 20,000, koma pa kalembera wa 2018 chiŵerengero chidafika pafupifupi miliyoni imodzi. Boma lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation m'chaka cha 1968 kuti limange likulu latsopano, ndipo likululo lidasamuka ku Zomba mu 1975. Amene adajambula mapu a mzindawu adasiya dala madambo ndi magombe a mitsinje opanda nyumba. Adasiyanso nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa tauni yakale ndi likulu latsopano. Oyenda pansi akhala akudandaula kuti mzindawu ngwotalikirana, ndipo sakunama ai, komatu mipata imeneyo idali njira za madzi.

Kodi dambo limagwira ntchito yanji? Mvula ikagwa kumtunda, madzi amatsikira m'chigwa. Kumeneko udzu, bango ndi mlulu zimachepetsa liŵiro lake, matope nadikha, madzinso naloŵa m'nthaka pang'onopang'ono. Dambo limasunga madziwo monga nkhokwe isungira chimanga, ndi kumaŵatulutsa m'chilimwe kupita m'mitsinje ndi m'zitsime. Tsono pamalopo pakadzaza malata, mipanda ya njerwa ndi mabwalo a simenti, madzi amene akadatenga masabata kuti afike kumtsinje amafikako ola lomwelo. Womanga amathira dothi kukweza puloti yake, nayesa kuti wathana nawo madziwo, pamene wangoŵatumiza kwa mnansi wake wa kumunsi.

Omvera ambiri akukumbukira chaka cha 2017. Mu Febuluwale mtsinje wa Lingadzi udasefukira nugwetsa nyumba ku Mtandire, ndipo mu Disembala madzi adaononganso ku Kaliyeka, ku Chipasula ndi ku Mchesi. Mvula idalidi yamphamvu, koma idapeza nyumba zitafika m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje.

Palinso zovuta zina zimene sizimveka pa wailesi. Dothi lakuda la m'dambo limafufuma likanyowa ndi kung'aluka likauma, motero maziko amagwedezeka chaka ndi chaka mpaka khoma kuchita ming'alu. Chimbudzi chokumba pamalo oterowo chimadzaza madzi msanga, ndipo zonyansa zake zimayenda pansi kukaloŵa m'chitsime cha pafupi. Umu ndimo matenda a kolera amapezera njira.

Za mitengo, chizoloŵezi cha omanga ambiri ndicho kugwetsa yonse asanakhome ndi chikhomo chomwe, ina nkuotchera njerwa. Pambuyo pake mwini nyumba amagula mbande kumsika, nayamba kudikira mthunzi umene adaupeza uli kale pamalopo. Mkuyu, katope kapena mbaŵa ya m'mbali mwa mtsinje imagwira gombe ndi mizu yake, ndipo ikadulidwa gombe limagumuka, mtsinje numadya puloti chaka chilichonse. Mtengo wosiyidwa pabwalo nawo umafuna kuusamala pa nthaŵi yomanga, pakuti mizu yake yambiri ili pafupi ndi pamwamba pa nthaka ndipo imatambalala kupitirira nthambi. Kukumba ngalande patsinde, kuunjikapo njerwa kapena kukandirapo simenti kumaupha mwakachetechete, ndipo umadzauma patapita zaka ziŵiri kapena zitatu, amisiri atapita kalekale. Kubzala bulugama m'dambo kuti aumitse malo, monga achitira ena, sikubwezera mitengo yotayikayo: kumangomaliza kasupe amene adatsala.

Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti womanga mu mzinda ayambe walandira chilolezo, ndipo mapu a khonsolo amasonyeza malo osayenera kumangapo. Wogula wochenjera amakafunsa kumeneko asanapereke ndalama. Amakayenderanso malowo m'dzinja, nayang'ana ngati pali bango, katope kapena dothi lakuda lomata kumapazi. Kenaka amafunsa akuluakulu amene adakhala m'deralo nyumba zisanachuluke kuti madzi ankalekeza pati m'chaka cha mvula yambiri.