OPALESHONI YATHA, KOMA MASO AKHALE PA MWANA

Mwa makanda 10,000 kufika 20,000 alionse, limodzi limapezeka ndi matenda amene madokotala amati biliary atresia. Timitsempha timene tiyenera kutenga ndulu kucokera m'ciwindi kupita nayo m'matumbo timakhala totsekeka. Ndulu ikasowa potulukira imadzaza m'ciwindi ndi kuyamba kuciwononga. Khanda lotere limakhala ndi cikasu cimene sicitha ngakhale patapita milungu iwiri cibadwire, cimbudzi cake cimayera, ndipo mkodzo umada ngati tiyi.

Mu 1959 dokotala wa ku Japan, Morio Kasai, anafalitsa njira yothandizira ana otere, ndipo opaleshoniyo imadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Madokotala amacotsa timitsempha totsekekato, nalumikiza thumbo ku ciwindi penipeni pamene ndulu iyenera kutulukira. Opaleshoniyi imathandiza koposa ikacitidwa khanda lisanakwanitse masiku 60.

Tsono mwana akatuluka m'cipatala, cikasu citayamba kutha, banja lonse limapumira m'mwamba. Koma akulu anati: linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Njira yatsopano ija imene ndulu itsikira, ndiyo imenenso tizirombo ta m'matumbo tingakwerere kukafika m'ciwindi. Tikafika kumeneko timatupitsa timitsempha tating'ono ta ndulu ta m'kati mwa ciwindi, matenda amene amati cholangitis. Limeneli ndilo vuto limene limagwera ana ambiri pambuyo pa opaleshoni ya Kasai, makamaka m'caka coyamba ndi caciwiri. Lingathe kubwera kangapo, ndipo nthawi iriyonse likacedwa kucizidwa limasiya zipsera m'ciwindi.

Zizindikiro zake mayi angathe kuziona yekha: thupi kutentha, maso kuyambanso cikasu, cimbudzi kuyeranso, mkodzo kuda, mwana kukana bere ndi kulira kosatonthozeka. Kuno kwathu thupi la mwana likatentha timafulumira kunena kuti ndi malungo, ndipo timathamangira kukagula mankhwala. Kwa mwana amene anacitidwa opaleshoni imeneyi, kutero n'kutaya masiku amtengo wapatali. Pitani naye kucipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Tengani makalata ake onse a kucipatala, ndipo uzani anamwino poyambirira penipeni kuti mwanayu anacitidwa opaleshoni ya Kasai. Adzamupima magazi, malungo adzawapimanso, ndipo ngati ndi cholangitis adzamugoneka kuti alandire mankhwala opha tizirombo kudzera m'mitsempha, kawirikawiri kwa milungu iwiri kapena kuposerapo.

Panyumba napo pali nchito. Ndulu ndiyo imathandiza thupi kugaya mafuta, cotero mwana amene ndulu yake iyenda movuta amasowa mavitamini A, D, E ndi K, ndipo sakula msanga. Mavitamini ndi mankhwala onse amene adokotala anapereka amwetsedwe mosadumphitsa, ngakhale mwana aoneke wamphamvu. Pitirizani kuyamwitsa, ndipo musaphonye tsiku la kusikelo. Musam'patse mankhwala azitsamba, pakuti ciwindi cake n'cofooka kale. Mayi ndi aliyense wolera mwanayo azolowere kuyang'ana thewera pa kuwala kwa dzuwa: cimbudzi cacikasu kapena cobiriwira cisonyeza kuti ndulu ikuyenda.

Pali zizindikiro zinanso zosafunika kudikira kuti kuce: mimba kutupa, kusanza magazi, kapena cimbudzi cakuda bii. Zimenezi zisonyeza kuti magazi akuvutika kudutsa m'ciwindi colimba ndi zipsera. Ana ambiri otere m'kupita kwa nthawi amafunikira kuikidwa ciwindi cina, monga acitira m'zipatala za ku Cape Town ndi Johannesburg, komabe alipo amene amakula ndi ciwindi cao comwe mpaka ukulu.

Inu bambo, agogo ndi anansi, katunduyu asakhale wa mayi yekha. Sungani ndalama ya ulendo, ndipo pangananitu za amene adzanyamula mwana thupi likatentha pakati pa usiku. Dokotala anatsegula njira ya ndulu. Kuilonda tsiku ndi tsiku ndi udindo wa banja lonse.